Amene Ankakupiza Kompyuta ya a Msampha

Callista anabadwira ku Dambe, kumapiri kumene mwezi wa Juni madzi a mumtsuko amaluma mano. Kutentha kwenikweni anakakudziwa ali kale mayi wa ana atatu, boma litasamutsira mwamuna wake, a Herbert Msampha, ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi Matope. Kuchigwa kumeneko dzuwa silidikira kuti munthu amalize kusesa pabwalo. A Msampha anthu ankawaitana kuti adokotala, ngakhale kuti pa mapepala a boma anali wothandizira dokotala. Callista anthu ankangomutchula kuti mayi a Tryness, kapena akazi a adokotala. Dzina lakelake ankalimva pokhapokha mchimwene wake Laimoni akatsika kumapiri ndi thumba la mbatatesi.

Ali mtsikana, bambo ake anakolola tirigu wambiri chaka china n'kumutumiza ku Limbe kukaphunzira kutayipa. Anabwerako akutha kutayipa maso ali papepala, zala zikudziyendera zokha. Anagwirako ntchito pang'ono pa ofesi ya sitolo ina, mpaka a Msampha anamufunsira mbeta. Ukwati utangodalitsidwa, iwo ananena kuti mkazi wawo sangamakhale tsiku lonse moyang'anizana ndi amuna ena. Setifiketi inalowa pansi pa sutikesi, pamodzi ndi diresi laukwati.

Koma zala sizinapume. A Msampha anagula tayipi yakale, ndipo pang'onopang'ono mapepala anayamba kubwera kunyumba. Lipoti la mwezi ndi mwezi la kuchipatala. Zokambirana za akuluakulu a mpingo, pakuti iwo anali mlembi. Mayankho a sukulu yophunzira kudzera m'makalata, imene ankachita kuti akwezedwe pantchito. Iwo ankalemba ndi cholembera, zilembo zopiringizana ngati mizu ya kapinga, n'kusiya patebulo osanena kanthu, monga mmene ankasiyira malaya akuda pampando. M'mawa mwake ankazipeza zotayipidwa, monga mmene ankapezera malaya ochapa ndi osita. Pansi pa pepala lililonse pankakhala dzina lawo.

"Koma a mlembi, mumatayipa mwaukhondo," abusa ankatero akabwera kudzadya nawo.

"Timayesetsa, abusa," a Msampha ankayankha.

Callista ankamva mawuwo atagwada pakhomo la pabalaza, atanyamula beseni la madzi oti alendo asambe m'manja.

Kompyuta inabwera m'chaka cha 1991. Masiku amenewo m'derali munadzaza anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo kunali dokotala wina wachizungu, mayi woonda wa chipewa chachikulu, amene ankawathandiza m'misasa yawo. Akadutsa ku Matope ankagona kwa a Msampha. Ataona mmene Callista ankatayipira, anayamba kubwera ndi kabokosi kake ka kompyuta n'kumamuphunzitsa masana, a Msampha ali kuchipatala. Tsiku lochoka anakaika patebulo n'kunena m'Chichewa chake chopunduka, "Iyi ndasiya kwa inu, Callista." Madzulo ake, pa mwambo wotsanzikana, a Msampha anaimirira n'kuthokoza mlendoyo chifukwa chowapatsa makina amakono.

Kabokosiko kanali koyererako, msinkhu wake ngati ndowa yaing'ono, galasi lake losaposa zikhatho ziwiri. Ukakayatsa kankalira kamodzi ngati belu la njinga, kenaka pagalasipo pankaoneka kankhope komwetulira. Kanali ndi mabatani ake otayipira, ndi kachinthu ka mchira wautali kamene mzunguyo anati kwawo amakatcha mbewa. Ukakakoka patebulo, muvi unkayenda pagalasi. Makina osindikizira ankalira ngati nyenje. A Msampha anaika zonsezi patebulo la pawindo, kuti odutsa popita kumjigo aziona. Anauza Callista kuti aluke kansalu kovindikira pamwamba, ndipo pakansaluko anaimikapo botolo la maluwa apulasitiki.

Callista anawakonda makinawo, ngakhale sanauze munthu. Patayipi ukalakwitsa chilembo chimodzi unkayambiranso pepala lonse. Apa unkangobwerera m'mbuyo, cholakwacho n'kuzimiririka ngati sichinakhalepo. Tsiku lina ali yekha analemba dzina lake m'zilembo zikuluzikulu, lodzaza galasi lonse. Analiyang'ana kanthawi, ndipo atamva nsapato pakhonde analifufuta.

Bomba linatulukira mwezi wa Okutobala. Anali masana, malata akuthetheka padenga, Callista akutayipa lipoti la katemera wa chikuku. Mwadzidzidzi muvi uja unaima. Anakoka mbewa, anaigwedeza, muvi osasuntha. Kenaka pagalasi panatseguka kabokosi koyera, ndipo m'menemo munali bomba: lakuda, lozungulira, chingwe chake chikuthetheka moto.

Callista mabomba sankachita kuwamvera pawayilesi. Anali ataonapo anthu akubweretsedwa pamachira kuchokera kumalire, mwendo utatsala kumunda. Ananyamula Lenard, mwana womaliza, amene ankasewera pansi pa tebulo, n'kuthawira naye kuseri kwa khitchini. Anamufumbatira pachifuwa n'kudikira. Nkhuku zinapitiriza kupalasa. Kuchipatala wina ankaitana dzina la wodwala. Mtima utatsika anabwerera chonyang'ama, n'kuwerenga mawu a Chingerezi amene anali pambali pa bombalo. Makinawo ankapepesa. Ankati china chake chasokonekera m'kati, ndipo ngati akufuna angathe kuwayambitsanso. Anakanikiza pamene anauzidwapo. Belu linalira, kankhope kanamwetulira ngati sikanalakwe kanthu, koma masamba onse amene anatayipa kuyambira m'mawa anali atapita.

"Mwakanikiza chiyani?" anafunsa a Msampha atabwera kuntchito. "Makina sangangolusa okha."

"Sindinakanikize chachilendo, bambo a Tryness."

"Nanga mzungu uja bwanji sizinkamuchitikira?"

A Msampha anapita kukatseka katani, chinthu chimene anali asanachitepo chibwerere makinawo. "Chithunzi chimenechi asachione munthu. Mwamva? Munthu aliyense. Muone chochita."

Mantha awo sanali opanda pake. Dziko linali la chipani chimodzi, ndipo munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha nthabwala ya pabawo. Bomba m'nyumba ya wantchito wa boma, ngakhale lojambula, sichinali chinthu choti ungafotokoze n'kumveka.

Choncho pa ntchito za Callista panawonjezeka ina: kuletsa bomba kuti lisatuluke. Analibe womufunsa. Mzungu anali atapita, ndipo buku limene anasiya linali la chinenero cha kwawo, chosakhala Chingerezi. Callista anachita zimene ankachita mwana akamalira popanda chifukwa chodziwika: kuchotsa chinthu chimodzi, n'kudikira. Anayamba ndi disiki, poganiza kuti mwina yakalamba. Anaika ina, bomba linabwerabe. Anasiya kuyatsa simbi pa nthawi yotayipa, poganiza kuti ikulanda magetsi, linabwerabe. Anazula chingwe cha makina osindikizira. Anayesa kuyatsa atakanikiza batani limene mzungu anamuonetsa kuti limadzutsa makinawo opanda katundu wambiri. Bomba linkamupatsa mpata pang'ono, n'kubweranso, ndipo nthawi iliyonse linkadya ntchito yake. Anaphunzira kusunga zimene walemba ndime iliyonse ikatha, ngati munthu wokhoma chitseko ngakhale akungokataya madzi kuseri.

Chimene anaona n'chakuti m'mawa silinkabwera. Tsiku la mitambo silinkabwera. Masana ena, litangotuluka, anachotsa botolo la maluwa n'kuika chikhatho pamwamba pa kabokosiko, monga ankachitira pachipumi pa Lenard, ndipo anachichotsa msanga. Makinawo anali atatentha thupi. Pansi pa kansalu koluka kaja panali timipata topumira, ndipo tonse tinali titatsekeka ndi fumbi la ku Matope.

Fumbilo analichotsa ndi nthenga ya tambala. Kansalu anakapinda n'kukaika m'kabati. Tebulo analikokera pakona, pafupi ndi mtsuko, ndipo pawindo ankapachika chitenje chonyowa. Ntchito yaikulu ankaigwira kunja kusanatenthe, ndipo zimenezi zinakankhira phala, kusesa ndi kutunga madzi kumbandakucha. Akapanikizika masana ankatayipa ndime imodzi, n'kusunga, n'kutenga lichero n'kumakupiza kabokosiko mpaka mkono utalema, n'kutayipanso ndime ina. Kunali chilala, ndipo madzi onyowetsera chitenje ankawasenza yekha kuchokera kumjigo, atakhala pamzere wautali.

Mailesi, mkazi wa mlonda wa pachipatala, anasuzumira tsiku lina pakhomo n'kumupeza ali pa ntchito imeneyi.

"Mayi a Tryness, kodi wayilesi yanuyi yakomoka?"

"Ili ndi malungo."

"Ndiye adokotala bwanji osaibaya jekeseni?"

"Adokotala amaona odwala a kunja. A m'nyumba timaona tokha."

Mailesi anaseka mpaka kugwira pachitseko. Callista anaima mophimba galasi mpaka mnzakeyo atapita.

Bomba linasowa.

"Ndinaikonza," a Msampha anauza mnzawo wa zaumoyo atakhala pakhonde. "Makina amenewa amafuna munthu woleza mtima."

Chaka chotsatira mphepo inasintha. Timapepala todzudzula boma tinayamba kupezeka m'misewu, m'mabasi, ngakhale pansi pa zitseko. Tinali totayipidwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti pepala lotayipidwa silimera lokha. Kunamveka kuti kumatauni anthu a m'maofesi akutengedwa pamodzi ndi makina awo. A Msampha anayamba kusiya chakudya m'mbale. Kudera lonselo nyumba yokhala ndi makina osindikizira inali yawo yokha, ndipo amene anawaonetsera pawindo anali iwo omwe.

Nzeru imene anaipeza inali yakuti makinawo apalane ubwenzi ndi chipani. Tcheyamani wa nthambi ya kumeneko anali a Ezekiele Dzimbiri, msodzi wakale wa pa Shire, munthu wa mawu aakulu amene ankayang'ana makadi a chipani pageti la msika. A Msampha anawalonjeza kuti awasindikizira ndondomeko ya msonkhano wawo mwaulere, ndipo anawaitana Lamlungu, potuluka kutchalitchi, kuti adzaone okha.

"Bambo a Tryness, bwanji abwere m'mawa?" anatero Callista.

"Ine ndiwaikire nthawi a tcheyamani?"

"Kunja kwatentha. Mukudziwa zimene imachita."

"Inkachita chaka chatha. Inachira."

"Ndiye mundilole ndikhale pambali ndi lichero."

"Lichero pabalaza, alendo ali pompo? Aziti chiyani, kuti kwa adokotala amapeta kompyuta? Inu mukhale kukhitchini, nkhuku ipse bwino."

Lamlungulo a Msampha anabweza tebulo pawindo, anatulutsa kansalu m'kabati, anaimika maluwa. Makinawo anawayatsiratu asanapite kutchalitchi, kuti alendo adzawapeze akuwala.

Callista anamva zonse ali kukhitchini, pakuti chitseko chinali chotsegula. A Dzimbiri anabwera ndi anyamata awiri a malaya ofiira.

"Ndiye ndi imeneyi? Kachepa bwanji! Ine ndimayesa n'chinthu chonga firiji."

"Kachepa thupi, a tcheyamani, koma mutu ndi waukulu."

"Nanga ka mchiraka?"

"Imeneyo ndi mbewa."

"Mbewa! Adokotala, mbewa yopanda ubweya ngati iyi kwathu sitidya." Anyamata anaseka chifukwa a tcheyamani anaseka.

Kenaka kunamveka kugogoda kwa mabatani, go, go, go, kwa munthu wofufuza chilembo chilichonse ndi chala. Callista ankatembenuza nkhuku, makutu ali pabalaza. Malata ankathetheka. Anayang'ana lichero limene linapachikidwa pakhoma. Anamva a Msampha akutchula mokweza dzina la chipani, chilembo ndi chilembo, kuti alendo amve kuti likulowa m'makina. Atangolimaliza kunati zii. Kenaka mpando unagwa, ndipo a Dzimbiri anatulukira pakhomo chafutambuyo, anyamata awo atawadutsa kale.

"Bomba! Mayo ine, bomba!"

Callista anathamangira pabwalo lichero lili m'dzanja, osadziwa kuti walitenga liti. Anagwada.

"A tcheyamani, pepani, si bomba lenileni. Ndi chithunzi chabe. Yangotentha thupi. Mundilole ndiikupize, chichoka."

A Dzimbiri anayang'ana lichero, n'kuyang'ana pawindo, pamene chingwe cha bomba chinkaoneka chikuthetheka.

"Mukupize? Moto uli pachingwe, inu muukupize kuti uyake bwino?" Anatembenukira kwa anyamata aja. "Mwamva nokha. Mpaka lichero analikonzeratu."

Mantha atatsika, manyazi anakwera, pakuti anthu ochokera kutchalitchi anali ataima pamsewu ndipo anawaona akuthawa. A Dzimbiri anakonza kolala.

"Makina akamva dzina la chipani akutulutsa bomba. Anawaphunzitsa ndani zimenezi? Adokotala, makinawa amagwira ndani?"

A Msampha anali ataima pakhomo, tayi itapotoka. Sanayang'ane mkazi wawo.

"A tcheyamani, mwaona nokha mmene ndimatayipira. Chala chimodzi, ngati chipani chathu. Ine makinawa sindiwadziwa. Chilichonse chotayipidwa chimene chinatulukapo m'nyumba muno, kuyambira kalekale, anatayipa ndi mayiwa. Malipoti, za mpingo, za sukulu yanga, zonse. Ngakhale mzungu uja anasiyira iwowa, osati ine."

Panalibe bodza ngakhale limodzi. Callista anali atadikira mawu amenewo kuyambira ali ndi pakati pa Tryness. Ankawalota akunenedwa pamaso pa abusa, kapena pamaso pa bwana wa zaumoyo akabwera kudzayendera chipatala. Anawamva atagwada pafumbi, nkhuku ikupserera kukhitchini.

Apolisi anabwera m'mawa mwake. Palibe amene anafuna kukhudza kabokosiko, choncho Callista anapinda nkhata n'kukasenza yekha mpaka pagalimoto, mbewa ikulendewera paphewa. A Msampha anali kuchipatala. Akuti kunali odwala ambiri tsiku limenelo. Callista anasiya Lenard kwa Mailesi, amene sanasekenso.

Kupolisi anamulandira Sajeni Benedict, bambo wonenepa, wotopa, amene sankaoneka wankhanza. Anamuuza kuti ayatse. Mu ofesimo munali mozizira. Belu linalira, kankhope kanamwetulira.

"Bomba lili kuti, mayi?"

"Limabwera ikatentha, bwana."

"Ndiye itenthe."

Analumikiza zingwe n'kutulutsa kabokosiko pabwalo, padzuwa, apolisi ataima patali. Callista anapempha kuti akatchingeko pang'ono ndi katoni. Anamuuza kuti akhale chete. Anakhala pansi n'kumayang'ana chinthu chimene anachikupiza chaka chathunthu chikuotchedwa dala. Bomba silinabwere n'komwe. Dzuwa litapendeka kunamveka fungo la waya wopserera, galasi linachita mdima, ndipo silinayakenso.

"Basi, umboni wafa," anatero Sajeni, akukanda m'mutu. "Tidikire akuluakulu a ku Blantyre adzaone okha. Inu mukhala kaye."

Anakhala. M'chipinda cha akazi anapezamo mayi wina wogulitsa kachasu ndi mtsikana wogwidwa atavala thalauza. Iwo anatuluka, ena analowa. Akuluakulu a ku Blantyre sanabwere. Tsiku lina Sajeni ankalimbana ndi tayipi ya pa ofesi kuti alembe zimene Callista ananena, chala chimodzi ngati a Msampha, pepala likutuluka loyera. Callista anapirira mpaka analephera.

"Bwana, riboni mwaiika chozondoka."

Kuyambira tsiku limenelo ankamutulutsa m'mawa, akasesa mu ofesi ndi kutsuka makapu n'kumukhazika patayipi. Anatayipa mlandu wake womwe, wopanda cholakwika. Anatayipa za mbuzi zobedwa, za ndewu za kumowa, ndi pempho la Sajeni lofuna tchuthi. Mulu wa mapepala unali wa chaka chonse.

"Mlandu wanu ndi wochepa, mayi Msampha," Sajeni ankatero akumwa tiyi. "Koma tikakumasulani, awa atayipa ndani?" Ankaseka, ndipo Callista sankadziwa kuti nthabwalayo ikuthera pati.

Amene ankawadikira sanali akuluakulu a ku Blantyre. Ankadikira a Msampha. Ankadziuza kuti tsiku lija anachita mantha, monga angachitire munthu aliyense, ndipo mantha akatha abwera kudzanena kuti amene anabweza tebulo pawindo ndi iwo, kuti mkazi wawo anawachenjeza. Mawu a wantchito wa boma akanamveka.

Anabwera kumapeto kwa mwezi, atavala tayi. Sajeni anawapatsa benchi la pakhonde.

"Muli bwanji, mayi a Tryness?"

"Ndili bwino, kaya inu? Nanga Lenard?"

"Ali bwino. Akudya kwa Mailesi. Mwaonda."

"Mwalankhula nawo a Sajeni?"

"Zinthu zake zimafuna kuyenda nazo pang'onopang'ono. Ndikangolowererapo ntchito itha, ndiye ana adya chiyani? Inu ndinu mzimayi, sangakusungeni nthawi yaitali."

Anatsegula chikwama n'kutulutsa buledi, shuga ndi sopo. Pansi pake panali envelopu yaikulu. Anaigwira kanthawi asanaipereke.

"Ndamva kuti kuno akukulolani kugwira tayipi. Lipoti la mwezi uno lachedwa. Likapanda kupita, katemera sabwera."

Callista anasolola mapepalawo n'kuyang'ana zilembo zopiringizana zija. Anaganiza zowaponya m'ngalande. Anaganizanso za azimayi amene ankakhala pamzere pansi pa mtengo wa kuchipatala, ana kumsana, chikuku chitavuta m'misasa. Analowa, anapempha Sajeni, anatayipa. Pansi pake anaika dzina la a Msampha ndi mzere woti asainepo, monga mwa nthawi zonse. Iwo anawerenga, anasainira pabondo, n'kuthamangira basi.

Apolisi anamumasula Callista mvula yoyamba itagwa, mulu wa mapepala utatha. Panalibe khoti, panalibenso womuuza kuti mlandu wathera pati. Kabokosi kaja anakaona potuluka, kali pakona ya ofesi, wina ataikapo ketulo. Pasiteji panali galimoto yopita cha ku Matope ndi lole ya feteleza yokwera kumapiri. Anakwera lole.

Laimoni anatsika kukatenga Lenard, ndipo Tryness ndi mng'ono wake ankabwera ku Dambe sukulu zikatsekera. Callista anagawiridwa munda wa malemu mayi ake, n'kudzala nyemba mochedwa. Nkhani za kuchigwa zinkamupeza kumunda komweko. Dziko linali litayamba kulankhula, anthu akukweza zala ziwiri poyera kuti akufuna zipani zambiri, ndipo akuti a Msampha ankakweza zawo kuposa aliyense. Ankauza anthu kuti iwo ndiwo anayamba kuzunzika ku Matope konse. "Anandilanda kompyuta yanga," ankatero, anthu n'kumapukusa mitu mowamvera chisoni.

A Msampha anakwera ku Dambe mwezi wa Juni, atavala jekete, akunjenjemera. Laimoni, monga nkhoswe, anawalandira pakhonde. Callista anakhala pamphasa chapatali, akusankha nyemba.

"Alamu, ine ndabwera kudzatenga mkazi wanga," anatero a Msampha. "Zakale zinapita. Dziko likusintha. Ndagulanso tayipi, yabwino kuposa ija. Kunyumba ntchito yaunjikana."

"Ayankhe okha achemwali," anatero Laimoni.

Callista sanadzutse mutu. "Ntchito ya ndani, bambo a Tryness?"

"Ya pakhomo pathu."

"Ndikufunsa chifukwa ndinamva ziwiri. Abusa munkawauza kuti ndi yanu. A Dzimbiri munawauza kuti ndi yanga. Ndiye mundiuze pano, achimwene akumva. Ndi ya ndani?"

A Msampha anayang'ana Laimoni, anayang'ana nsapato zawo. Akanati ndi yawo, akanauzidwa kuti akaigwire okha. Akanati ndi ya Callista, pankafunika kunenanso kuti amene anagona pasimenti chifukwa cha kompyuta yawo ija anali ndani. Anatsokomola, n'kunena kuti kumapiri kuno kukuzizira kwambiri chaka chino.

Callista anadikira. Atamaliza kusankha nyemba zonse anadzuka n'kukawaphikira, pakuti anali alendo ndipo anachokera kutali. Anawagwadira ndi beseni. Iwo anadya, anathokoza, n'kutsika ndi lole ya masana okhaokha.

Ku Dambe mpingo ukafuna wolemba, pamakhala wina wokumbukira kuti mayi a Tryness anaphunzira ku Limbe. Iye amayankha kuti zala zinauma. Koma amene amakhala naye pafupi m'tchalitchi amati ulaliki ukatalika, zalazo zimayenda zokha pachitenje, maso ali kutsogolo, ndipo akazindikira amazipinda.

A Msampha anakwatiranso chaka chotsatira, mtsikana wa ku Balaka. Akuti asanafunse za kwawo, anayamba afunsa ngati amadziwa kutayipa.